Kuyamba Moyo M'nyumba Yanu Yoyamba ku Chigwa cha Shire

Munthu akatumizidwa kukayamba ntchito ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje, kawirikawiri amakhala ndi masiku ochepa oti apeze pokhala. Mphunzitsi watsopano, namwino, wapolisi, kalaliki wa kuminda ya nzimbe, ngakhalenso banja lomwe langochoka kumene pakhomo pa makolo, ambiri amachita zofanana: aona nyumba ya penti wowala pafupi ndi msewu wa M1, alipira lendi ya miyezi itatu, asamuka. Pofika Okotobala tulo sabwera, chipinda chasanduka uvuni. Pofika Januwale madzi alowa pakhomo, matiresi anyowa, masatifiketi aonongeka. Pakati apo malungo agwetsapo kale wina.

Kuchigwa kuno nyumba imasankhidwa poyang'ana madzi ndi kutentha. Penti, matailosi ndi kuyandikira msika zimabwera pambuyo. Malangizo awa akutsata dongosolo limenelo.

Zofunika kukhala nazo musanasamuke

Musadikire kuti mukhale ndi sofa ndi bedi. Mwezi woyamba mukufunika izi:

- Neti yonyikidwa m'mankhwala, imodzi pa malo ogona aliwonse, pamodzi ndi misomali ndi chingwe chomangira
- Ndowa ziwiri kapena zitatu zokhala ndi zivundikiro, ndi zigubu za malita 20
- Mtsuko wadothi wosungira madzi akumwa
- Waterguard kapena kolorini
- Mkeka kapena mphasa, ndi matiresi ngati muli nawo
- Mbaula, mapoto awiri, mthiko, chipande, mbale ndi makapu
- Maloko atsopano awiri
- Tochi kapena nyali ya sola yotha kutchajanso foni
- Thumba lapulasitiki lolimba, lotsekeka bwino, losungiramo zikalata
- Mapaketi a Thanzi ORS, panado ndi sopo
- Tsache, khasu, kope ndi cholembera

1. Yenderani dera musanalowe m'nyumba iliyonse

Chigwachi ndi chotsika komanso chathyathyathya, ndipo madzi ogwa kumapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Mwanza amathera kuno. Choncho kusefukira sikudalira mvula ya pamwamba panu yokha. Kukhoza kukhala kouma pa Nchalo, mtsinje wa Mwanza n'kudzaza usiku ndi madzi ochokera kumtunda. Shire ndi Ruo ndi yodziwika kale, koma mitsinje yaing'ono ngati Lalanje ndi Thangadzi, yomwe m'chilimwe imangokhala mchenga wokhawokha, nayonso imaononga nyumba.

Funsani anthu okhala m'deralo funso lachindunji: madzi a mu Januwale 2015 anafika pati? Nanga a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023? Aliyense amene anali kuno amakumbukira, ndipo adzakulozerani ndi dzanja pa khoma kapena pa mtengo. Funsani anthu atatu osachepera, monga mayi wogulitsa tomato, wakabaza ndi mkulu wa mpingo.

Kenako yang'anani nokha. Khoma lomwe linamirapo limakhala ndi mzere wa dothi, kapena pulasitala wofufuma m'munsimu. Penti watsopano wopakidwa kumunsi kokha akufunika kumufunsira. Onani ngati nyumba ili pa maziko okwera, oti mumaponda masitepe awiri kapena atatu polowa, komanso ngati bwalo lili lotsetserekera kunja. Pamene pamera bango kapena udzu wa m'dambo ndiye kuti pamakhala madzi.

Chenjezo: musafunse mwininyumba yekha. Iye akufuna nyumba yake ilowe munthu. Ndiponso ngati ntchito yanu ili kutsidya, ku East Bank monga ku Makhanga, ku Muona kapena ku Livunzu, funsani za msewu. Nthawi ya mvula msewu wochokera ku Thabwa umavuta, ndipo anthu a ku Makhanga amaoloka pa bwato pa Mtayamoyo kuti afike ku Bangula. Nyumba ikhale mbali imodzi ya mtsinje ndi ntchito yanu.

2. Lawani madzi

Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi a mchere. Ina ndi yochepa mchere, ina ndi yoti simungamwe, sopo sachita thovu, ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kwambiri, choncho musatengere za mnzanu wa mbali ina ya tauni. Pitani pa mjigo womwe muzidzatunga, mulawe.

Ngati pakhomo pali mpopi wa Southern Region Water Board, utseguleni. Funsani aneba kuti madzi amatuluka nthawi yanji, ndipo akasiya amatha masiku angati. Funsaninso ngati mita ndi ya nyumba yanu yokha kapena ya mpanda wonse, ndipo muone bilu yomaliza ndi maso anu. Ngati muzidalira mjigo, dziwani komiti yake, ndalama yomwe banja lililonse limasonkha pa mwezi, ndi nthawi yomwe amatseka. Ngati madzi abwino ali kutali, werengerani ndalama ya wanjinga wokubweretserani zigubu ngati gawo la lendi. Nyumba yotchipa yopanda madzi imatha kudula kuposa yokwera mtengo yokhala ndi mpopi.

3. Kaoneni nyumbayo masana, dzuwa lili paliwombo

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amakaona nyumba m'mawa kwambiri kapena madzulo akaweruka. Mu Okotobala ndi Novembala kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Pitani pakati pa 12 koloko ndi 3 koloko masana, mulowe m'chipinda chogona, mutseke chitseko, muimemo kanthawi. Thupi lanu likuuzani zomwe mwininyumba sanganene.

Nyumba yabwino ya kuno ili ndi denga lokwera, siling'i, ndi mawindo oyang'anana kuti mphepo izidutsa. Chipinda chogona chisayang'ane kumadzulo, chifukwa khoma lomwe lawombedwa dzuwa masana onse limatulutsa kutenthako usiku. Khonde lalikulu ndi lofunika kuposa chipinda chochezera, popeza miyezi yotentha mudzakhalira pamenepo. Mtengo wa nimu kapena wa mango pabwalo ndi chuma. Ine ndingasankhe nyumba yakale yokhala ndi mtengo wamthunzi kusiyana ndi yatsopano ya malata otsika yomwe ili pambalambanda, ngakhale yatsopanoyo ikhale ndi matailosi.

Muli komweko, yang'anani izi. Malata akhomedwa bwino, ndipo mitengo ya denga yamangiriridwa kukhoma ndi waya? Mvula yoyamba kuno imabwera ndi mphepo yamkuntho yosasula madenga. Pali tinjira ta dothi pa khoma kapena pa mafelemu? Chimenecho ndi chiswe. Mawindo ali ndi waya wotchinga udzudzu komanso zitsulo zotchinga akuba? Popanda ziwirizi mudzakakamizika kugona mawindo ali chitsekere, zomwe mu Novembala sizipiririka.

Musaiwale chimbudzi. Dothi lamchenga limagumuka mvula ikachuluka. Onani ngati chili ndi silabu yolimba, ngati chakwezedwa, ngati sichinadzaze, komanso ndi mabanja angati amachigwiritsa ntchito. Chikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime.

4. Lembani pangano ndi eninyumba

M'matauni ang'onoang'ono anthu amachita manyazi kulemba, poopa kuoneka ngati sakukhulupirira mnzawo. Lembanibe, mwaulemu. Munganene kuti, "Bambo, kuti tonse tisadzaiwale, tiyeni tilembe m'kopemu zomwe tagwirizana." Mwininyumba woona mtima sakana.

M'panganomo mukhale ndalama ya lendi ndi tsiku lolipira, ndalama yomwe mwalipiriratu, amene azikonza denga, mpopi ndi chimbudzi zikaonongeka, nthawi yodziwitsana lendi isanakwere kapena musanachoke, ndi zomwe zidzachitike ngati madzi osefukira akutulutsani m'nyumbamo. Mfundo yomalizayi ambiri saiganizira, koma kuno ndi yofunika. Nonse musaine, pakhale mboni imodzi mbali iliyonse, ndipo mujambule tsambalo pa foni.

Za magetsi, lembani nambala ya mita ya ESCOM. Gulani mayunitsi ochepa tsiku loyamba kuti muone ngati akubwera okwanira, chifukwa mita ina imakhala ndi ngongole yakale yomwe imadulidwa pogula. Ngati mita ndi yogawana, gwirizanani za kasonkhedwe mutawerengerana amene ali ndi firiji, ayironi kapena hotipuleti. Nkhani ya mayunitsi ndiyo imayambanitsa anthu okhala mpanda umodzi kuposa ina iliyonse.

Chenjezo: musapereke ndalama kwa dobadoba musanakumane ndi mwininyumba weniweni, ndipo aneba atsimikizire kuti ndi iyeyo. Polipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthenga wake. Polipira pamanja, asaine m'kope.

5. Konzani nyumba katundu asanalowe

Pemphani makiyi kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Sesani kuyambira kudenga, kolopani ndi madzi a kolorini, matani ming'alu ya pansi ndi ya m'makona ndi simenti pang'ono. M'ming'alu imeneyi ndimo mumabisala zinkhanira ndi mphemvu. Lambulani bwalo, chotsani milu ya njerwa ndi nkhuni zomwe zatsamira khoma, chifukwa njoka zimakonda pamenepo. Sinthani maloko. Simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati.

Samukani m'mawa kwambiri kusanatenthe. Ngati katundu akuchokera ku Blantyre, mumange bwino, chifukwa msewu wotsika phiri kukafika pa Thabwa ndi wokhotakhota ndiponso wotsetsereka. Mukafika, chinthu choyamba kumanga ndi neti, kusanade. Chachiwiri, dzazani ndowa zonse. Matumba a ufa ndi chimanga muwaike pa thandala kapena pa njerwa ndi matabwa, osati pansi.

6. Kadziwonetseni

Masiku awiri kapena atatu oyamba asathe musanapite kwa aneba a mbali zonse. Simufunika mphatso. Odi, moni, dzina lanu, kumene mwachokera ndi ntchito yomwe mwabwerera, basi. Akuluakulu ndi bambo ndi mayi, a msinkhu wanu ndi achimwene ndi achemwali. Kenako mwininyumba akuperekezeni kwa anyakwawa kapena kwa mkulu woyang'anira dera lanulo, kuti dzina lanu lidziwike. Funsaninso za apolisi a m'mudzi ndi ndalama yomwe anthu amasonkha ya olondera usiku.

Chigwachi ndi kwawo kwa Amang'anja ndi Asena. Chichewa chimamveka paliponse, koma mukamatsikira ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje mudzamva Chisena kwambiri. Phunzirani moni ndi kuthokoza: "Mwacherwa tani?" m'mawa, "Mwadokerwa tani?" madzulo, ndi "Takhuta" pothokoza. Mudzalakwitsa katchulidwe, anthu adzaseka nanu, koma adzakuphunzitsani zambiri. Chomwe simuyenera kuchita ndi kubweretsa nthabwala zonyoza anthu a kuchigwa zomwe munkamva kumtunda. Zimapweteka, ndipo m'tauni yaing'ono mawu anu a pamsika amafika kwa mwininyumba dzuwa lisanalowe. Za miyambo, monga za kachisi wa Mbona ku Khulubvi kapena ufumu wa a Lundu, mverani kaye eniake.

Kukagwa maliro m'dera lanu, pitani, ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Perekani chipepeso chomwe mungathe, khalani pansi ndi anzanu. Mlendo amene sapita kumaliro amadziwika msanga. Ndipo anthu omwewa ndi amene adzakugogoderani usiku madzi akamabwera, chifukwa iwo amadziwa kamvekedwe ka mtsinje ukamadzaza, inu simunakadziwe.

7. Msika ndi ndalama za mwezi woyamba

Funsani tsiku la msika m'dera lanu, chifukwa ndi pomwe zinthu zimatsika mtengo. Kuno nsomba za mlamba ndi makakana, nyama ya mbuzi ndi ya ng'ombe, mbatata za m'madimba, mapira ndi mchewere zimapezeka mosavuta. Kabichi ndi mbatatesi zambiri zimachokera kumtunda, choncho zimadula. Zolowerani kudya za konkuno. Nsima ya mapira imakhalitsa m'mimba, ndipo malambe ndi masau ndi zotchipa pa nyengo yake.

Chifukwa cha kutentha, ndiwo zophika m'mawa zimatha kusasa pofika madzulo. Ngati mulibe firiji, gulani zochepa, phikani zokwanira nthawi imodzi, ndipo zotsala muziwiritsenso musanadye. Nsomba zouma ndi mfutso ndi zothandiza.

Malipiro oyamba agaweni motere: lendi, madzi, chakudya, mayunitsi, kenako kandalama kapadera ka matenda ndi thiransipoti yadzidzidzi. Zikatsala, chogula choyamba chikhale fani, chachiwiri kasola kakang'ono. Magetsi sadalirika nthawi ya mvula. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu 2022, dziko lonse linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa chaka ndi miyezi, ndipo mapolo akagwa m'madzi kuno kukonza kumatenga nthawi. Sofa ndi TV zidikire. Ngati mukufuna kusunga ndalama ndi anzanu, lowani banki m'khonde mutaona kaye momwe gululo likuyendera. Katapila mupeweni.

8. Phunzirani kukhala ndi kutentha, udzudzu ndi mtsinje

Ntchito zolemetsa, monga kuchapa, kutunga madzi ndi kupita kumsika, zichitike m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Imwani madzi musanamve ludzu. Mtsuko wadothi muuike pamthunzi podutsa mphepo, madzi ake amazizira bwino popanda magetsi. Masana tsekani makatani a mbali ya dzuwa, madzulo tsegulani zonse. Mwana kapena wokalamba akafooka, akasokonezeka mutu, thupi lili lotentha kwambiri, muikeni pamthunzi, mupukuteni ndi nsalu yonyowa, ndipo muthamangire naye kuchipatala.

Usiku wotentha anthu ambiri amagona pakhonde kapena pabwalo. Palibe cholakwika, bola neti ituluke nanu. Madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, minda yothirira ndi zithaphwi zimachititsa kuti udzudzu usathe chaka chonse. Thupi likatentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo akakupatsani LA mumalize yense ngakhale mwapeza bwino. Dziwiranitu chipatala chapafupi musanadwale: cha boma pa Chikwawa ndi pa Nsanje, cha Ngabu, cha St Montfort ku Nchalo, cha Kalemba ku Bangula, kapena cha Trinity ku Muona. Zipatala za mishoni zimalipiritsa, choncho kandalama kapadera kaja kakhalepo. Sungani nambala ya wanjinga yamoto mmodzi wodalirika amene angadzuke usiku.

Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira Waterguard motsatira muyezo wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unayambira kuchigawo chakummwera chino, ndipo matendawa amakonda kubuka madzi akasefukira, zimbudzi zikagumuka. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, yambani kumupatsa Thanzi ORS muli pa ulendo wa kuchipatala.

Za mtsinje ndinene mosapsatira. Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo zimapha anthu. Musasambe, musachape, musalole ana kusewera m'mbali mwake, ngakhale muone ena akutero. Madzi odikha a m'ngalande ndi m'madambo amapatsa likodzo.

9. Konzekerani mvula Novembala asanafike

Kumbani ngalande yozungulira nyumba yotayira madzi kutali ndi maziko. Uzani mwininyumba akhomerenso malata ogwedera. Zikalata zonse, chiphaso cha unzika, masatifiketi, mabuku a kuchipatala ndi pangano la nyumba lija, ziikeni m'thumba lapulasitiki, mulipachike pamwamba pomwe mungalitenge mumdima. Pambali pake pakhale kachikwama ka zovala zosinthira, tochi, mankhwala ndi ndalama pang'ono.

Funsani aneba kumene anthu amathawira madzi akabwera. Kawirikawiri ndi pa sukulu kapena pa tchalitchi cha pamtunda. Yendani njirayo masana kuti muidziwe, ndipo aliyense wa m'nyumba mwanu aidziwe. Dziwani amene ali mu komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzimo, mutenge nambala yake. Muzimvera machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pa wailesi, kuphatikizapo mawailesi a m'dera ngati Nyathepa ndi Gaka. Foni izigona ndi moto. Akanena kuti samukani, zimitsani magetsi pa meni switchi, tsekani chitseko, nyamukani kukadali kowala.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kulipira miyezi yambiri nthawi imodzi pa nyumba yomwe mwaiona m'chilimwe chokha. Ngati n'kotheka, musapitirire miyezi itatu mpaka mutaona momwe nyumbayo imakhalira mvula ikagwa.

China ndi kuthera ndalama pokonza nyumba ya eni popanda kulemba. Mwaika waya wa udzudzu, mwakonza chimbudzi, mwezi wotsatira lendi yakwera chifukwa nyumba yakongola. Gwirizanani kaye kuti zomwe mwaonongazo zichotsedwe pa lendi, ndipo zilowe m'kope.

Ena amalowetsa mbaula ya makala m'nyumba yotseka mvula ikamagwa. Mpweya wa makala sununkha koma umapha. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo.

Kuvala nsapato m'mawa osazikutumula, kapena kupita kuchimbudzi usiku opanda tochi, ndi njira yokumanirana ndi chinkhanira kapena njoka. Njoka ikaluma munthu, musatemere pabalapo kapena kuyamwa. Asayendeyende, mumunyamule kupita kuchipatala.

Palinso kudzala maluwa ndi ndiwo pabwalo lopanda mpanda. Mbuzi ndi ng'ombe zimayenda momasuka m'chilimwe, ndipo mudzangodana ndi aneba pachabe. Mangani kaye mpanda wa bango kapena wa minga.

Ambiri obwera kumene amathawira ku Blantyre Lachisanu lililonse. Ndalama zimathera m'maminibasi, nyumba imakhala yopanda munthu masiku odziwika, ndipo pakatha chaka amakhala asanadziwane ndi aliyense. Khalaniko Loweruka ndi Lamlungu zina, mupite kutchalitchi kapena kumzikiti wa konkuno, mukaonere mpira pabwalo la m'dera, tsiku lina mukaone nyala ku Lengwe.

Choopsa kuposa zonse ndi kuoloka madzi othamanga pofuna kukafika kuntchito kapena kubwerera kukatenga katundu. Madzi ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo pansi pake mlatho umatha kukhala utakokoloka kale. Imbirani abwana anu foni, muwauze kuti mtsinje wadzaza, mudikire uphwe.